Usiku wa Ziro Ziwiri

Nkhaniyo ndinachoka nayo ku positi ofesi
itapindidwa m'thumba la bulauzi,
kapepala ka chidindo chofiirira:
chaka chikamatha, pakati pa usiku,
makompyuta adzazungulira mutu,
adzaona ziro ziwiri n'kuyesa tabwerera
ku nthawi imene agogo awo a agogo anali asanamere mano.
Konzekani.

Bambo, Che Aufi, sanadzutse n'komwe nkhope.
Kagalasi kali pa diso,
kachitsulo kali m'mimba mwa wotchi ya mwini.
"Kompyutayo ili ndi zaka zingati?"
Ndinati mwina khumi.
"Ndiye ndi mwana.
Mwana akalephera kuwerenga, sutseka msika."
Analoza ndi chibwano ku nsanja ya wotchi, kufupi ndi mlatho:
"Ijayi ndaiona itaima kangati?
Nanga Shire anaima nayo?"

Azakhali, Abiti Twaibu, sanafunse kuti kompyuta n'chiyani.
M'kapepala monse anatolamo mawu amodzi: kudzasowa.
Mawa lake njinga ya kabaza inabwera ikulira,
parafini mabotolo asanu, mchere, sopo wa mtanda,
machesi okwana mudzi.
"Chilala chija sichinalembe kalata," anatero akukankhira zonse kunsi kwa bedi.
"Tsoka ili lalemba. Ndi laulemu.
Mlendo waulemu umamuyalira mphasa."

Aphunzitsi opuma, a Kalilombe,
anaima pamzere wanga kuyambira m'mawa,
tayi ali pakhosi, thukuta la Disembala likuyenderera.
Anatapa penshoni yonse, n'kuwerenga kawiri,
kachitatu atanyowetsa chala.
Anaitsekera m'chitini cha mkaka.
Kuyambira tsikulo tulo anagulitsa:
galu akauwa, iwo dzandi,
bango likagwa kubafa, iwo dzandi, tochi m'manja.
Dziko lisanathe, iwo anali atatha kale.

Kumsikiti Che Mbwana anangoseka m'ndevu.
"Kwathu kuno chaka ndi 1420,
mwezi ndi wa swaumu.
Ziro zanuzo mukakumane nazo nokha."

Lachisanu lija linafika ngati Lachisanu.
Tinafuturu, mvula inawaza pang'ono n'kusintha maganizo.
Magetsi anathima isanakwane naini,
monga amathimira,
ndipo palibe anadziwa ngati ndi chimaliziro
kapena mtengo wagwera waya ku Liwonde.

Ndinawapeza bambo pakhonde, mumdima,
udzudzu ukuwaimba m'makutu,
mawotchi atatu atayala pa bondo.
Sanandiyang'ane.
"Iwe Asiyatu,
makina akowo akafa,
lamya ya ku Joni idzalirabe?"

Jawadu amaimba Lamulungu loyamba la mwezi.
Zaka zinayi tsopano,
mchimwene wanga ndi mawu chabe m'chubu chakuda,
mawu ofika mochedwa, okhala ngati ali m'chitsime.

Ndinafuna kunena kuti inde.
Kapepala sikananene.

Mivi itatu inakumana pamwamba,
umodzi utatsalira pang'ono.
Kutsidya wina anamenya chigubu,
ana anakuwa, agalu n'kuyankha.
Kenako achule okha.

Nthawi ya daku azakhali anayatsa kamtengo kamodzi ka machesi.
Otsalawo tinawagwiritsa mpaka ukwati wanga.
A Kalilombe anabweza chitini chawo sabata yotsatira,
osandiyang'ana m'maso,
akuti anangofuna kuona ngati boma limasungadi.

Koma Lamulungu lija
bambo anavala mkanjo woyera, wa pa Idi,
Idi isanafike.
Anaima pa kanyumba ka lamya kunja kwa positi
dzuwa lisanapse,
manja kumbuyo, ngati akungodutsa.
Teni inakwana. Leveni.
Mthunzi unawathawa, iwo osasuntha.

Itayamba kulira
sanaithamangire.
Anapendeketsa mutu, diso limodzi atatsinzina,
n'kuisiya ilire kachiwiri,
monga amamvetsera wotchi
imene angoikonza.